Nyuzipepala imene inasesa nkhokwe za alimi a ku Hungary

Sabata yatha ndinatsutsana ndi mkulu wina amene ndimawalemekeza kwambiri. Bambowa anakhala kunja zaka zambiri, ndipo zina mwa zakazo anazithera kum'mawa kwa Ulaya pa nthawi imene maiko a kumeneko anali m'manja mwa zipani za chikomyunizimu. Tikucheza za ntchito yanga ya utolankhani, iwo anati: "Mwanawe, anyamata a lero mumangonyoza nyuzipepala za kumene kuja. Pita ukafunse za ku Hungary. Mlimi wolemera akabisa chakudya, nyuzipepala inkamuulula. Wa khonsolo akagona pa ntchito, inkamutchula dzina. Nanga si zomwezo mumadzitama nazo inuyo?"

Ndinangoti, "Ndakumvani, bambo," popeza si bwino kukweza mawu pamaso pa akulu. Koma mtima sunakhale pansi, ndiye ndati ndiwayankhe pano, pamaso pa owerenga onse.

Funso lawolo si lachibwana ayi. Ndi zoona kuti ntchito yathu ndi kuulula obisa ndi kudzutsa ogona. Koma ndikunenetsa kuti zimene nyuzipepala za chipani zinachita ku Hungary pakati pa 1948 ndi 1953 sizinali utolankhani. Chinali chikwapu, ndipo chikwapucho chinali cha nsonga ziwiri. Nsonga ina inali yokwapulira mlimi. Inayo inali yokwapulira wa boma aliyense amene dzanja lake lanjenjemera pokwapula mlimiyo. Anthu ambiri amakumbukira yoyambayo, chonsecho yachiwiriyi ndi imene inkayendetsa zonse. Ena adzati mnyamata wosiyira yunivesite panjira angadziwe chiyani za ku Ulaya. Zaka ndi manambala ndi awa, akawatsutse.

Tiyambe ndi kuyamika pamene payenera kuyamikidwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, malo ambiri a ku Hungary anali m'manja mwa mabanja ochepa olemera ndi mpingo, pamene khwimbi la anthu linkangolimira eni ake. Mu March 1945 boma linagawa minda ikuluikulu ija, ndipo anthu oposa 600,000 analandira malo. Nduna ya zamalimidwe imene inatsogolera ntchitoyi inali ya chikomyunizimu, dzina lake Imre Nagy. Apa ine ndilibe chotsutsa. Koma taonani bwino: eni minda ya maekala zikwizikwi anathera pomwepo, m'chaka cha 1945. Ndiye "olemera" amene nyuzipepala zinayamba kuwasaka patangopita zaka zitatu anali ndani?

Pa chisankho cha mu November 1945 chipani cha alimi ang'onoang'ono chinapeza mavoti 57 pa 100 alionse, pamene chipani cha chikomyunizimu chinapeza 17 okha. Mtsogoleri wa makomyunisiti, Mátyás Rákosi, podalira asilikali a dziko la Soviet Union amene anali m'dzikomo, anayamba kudula zipani zinazo pang'onopang'ono ngati munthu wocheka nyama tizidutswa, mpaka zonse zinatha. Pa 20 August 1948, m'tauni ya Kecskemét, Rákosi analankhula poyera kuti tsogolo la alimi ndi kulima pamodzi m'minda ya gulu. Vuto linali lakuti munthu amene wangolandira kumene munda wake safuna kuubweza. Kunafunika mdani woopsezera anthu, ndipo mdaniyo anabwerekedwa ku Russia pamodzi ndi dzina lake lomwe: kulak, mawu a Chirasha otanthauza nkhonya, amene Stalin anali atawagwiritsa kale ntchito pothana ndi alimi a kwawo.

Malamulo ankati kulak ndi mlimi amene ali ndi malo opitirira mahekitala 14, kapena titi maekala pafupifupi 35, kapenanso amene munda wake unali wachonde kupyola mlingo wina wa msonkho. Koma ukonde unali waukulu kuposa apo. Wokhala ndi makina opunthira tirigu, kachigayo, kamalo kogulitsira mowa, ngakhale amene analembapo waganyu, ankatha kupezeka pa mndandanda. Wolemba mndandandawo anali akuluakulu a chipani ndi a boma a m'mudzi momwemo, ndiye chidani cha malire a munda kapena cha ukwati chinkalowa nawo. Mabanja pafupifupi 70,000 analembedwa. Wolembedwayo ankalipira msonkho wokwera, ankapereka ku boma zokolola zochuluka kuposa anzake, ndipo m'munda wa gulu sankaloledwa kulowa. Ana ake ankatsekeredwa makomo a sukulu zapamwamba, ndipo mwana wamwamuna akaitanidwa ku usilikali ankapatsidwa fosholo m'malo mwa mfuti. Ambiri, potopa, anapereka minda yawo ku boma. Dzina lija silinachoke. Munthu ankatsala wopanda ngakhale ndime imodzi, koma pa pepala anali kulak ndithu.

Chomangira alimi chinali lamulo lokakamiza aliyense kugulitsa ku boma gawo la tirigu, chimanga, mkaka, mazira, nkhuku ndi mafuta a nkhumba, pa mtengo wotsika umene boma lomwelo laika. Ngakhale kupha nkhumba yako yomwe kunkafuna chilolezo, ndipo wopha mobisa ankapita kundende. Nkhani ya nkhumbayi inawakhala anthu m'mutu kotero kuti mu 1969 Péter Bacsó anajambula kanema wotchedwa A tanú, wonena za munthu wamba womangidwa chifukwa cha nkhumba, ndipo boma linamuletsa kanemayo kwa zaka pafupifupi khumi.

Tsopano tifike kwa anzanga a cholembera. Nyuzipepala yaikulu ya chipani inali Szabad Nép, kutanthauza kuti Anthu Aufulu. Mkonzi wake wamkulu kufikira 1950 anali József Révai, yemwenso anali wamkulu woyang'anira maganizo a chipani. Ya alimi inali Szabad Föld, Nthaka Yaufulu. Ya zithunzi zoseketsa inali Ludas Matyi, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi nyuzipepala yakeyake ya chipani. M'mafakitale ndi m'maofesi munali theka la ola loikidwa padera kuti antchito awerenge Szabad Nép pamodzi ndi kukambirana zimene yalemba. Kuwerenga kunali kokakamiza, kutsutsa kunali koopsa.

Masamba amenewa anamuumba kulak mwatsopano. Pa chithunzi ankaoneka wonenepa, wa chimimba, wa nsapato zazitali zonyezimira, maso a njiru, atakhalira thumba la tirigu. M'nkhani anali wobisa chakudya, wodyetsa nkhumba tirigu pamene antchito a m'tauni akugona ndi njala, wofalitsa mabodza, bwenzi la wansembe ndi la adani akunja. Buledi akasowa m'sitolo, wolakwa ndi kulak. Thalakitala la gulu likafa, kulak wayikapo dzanja. M'midzi munkakhomedwa matabwa a manyazi olembedwa maina a amene sanakwanitse gawo lawo. Owerenga ambiri a tsamba lino anakhalapo pansi pa chipani chimodzi, ndipo ena anathawa kwawo usiku chifukwa cha dzina limene munthu wina anawapatsa. Amenewa sindikufunika kuwaphunzitsa kuti dzina limapha.

Ku Hungary linaphadi. M'nyengo yokolola ya 1950, mlimi wina wa m'mudzi wa Köröstarcsa anakoleza moto kumunda kuti aphike chakudya, moto uja nkulusa, nkutentha udzu. Palibe munthu anafa. Koma mlimiyo anali pa mndandanda, ndipo chipani chinkafuna chitsanzo. Khoti la mwachangu la m'tauni ya Gyula linamugamula kuti aphedwe, ndipo mu July chaka chomwecho ananyongedwa. Nkhaniyi inafalitsidwa ngati umboni wakuti makulak akutentha dala chakudya cha dziko. Kodi mtolankhani amene analemba zimenezo tingati anaulula wobisa?

Nayi tsopano nsonga yachiwiri ija. M'chaka cha 1950 dziko la Hungary linakhazikitsa makhonsolo potengera a ku Soviet Union, ndipo wapampando ndi mlembi wa khonsolo ya m'mudzi ndiwo ankayenera kuonetsetsa kuti gawo la mudziwo lakwana. Taganizirani munthu ameneyu. Nthawi zambiri anali mwana wa m'dera lomwelo. Ankadziwa kuti uyu akumutcha kulak ndi nkhalamba ya ng'ombe ziwiri. Ankadziwa kuti mvula sinagwe. Ankadziwa kuti akatenga thumba lotsiriza m'nyumba ya mayi wamasiye, mawa akumana naye pa maliro. Munthu wotere, ukamusiya yekha, amatseka diso limodzi. Amalemba kuti munda unakolola pang'ono, amachedwetsa chindapusa, amaiwala dala kuyang'ana kuseri kwa khola. Ku Budapest ankadziwa zimenezi, ndipo mankhwala ake anali nyuzipepala.

Masamba ankasindikiza mpikisano wa zigawo: chigawo chakuti chili patsogolo popereka tirigu, chakuti chili kumchira. Chigawo chotsalira chinkafunafuna boma laling'ono lotsalira, ilonso nkufunafuna mudzi wotsalira, mudziwo nkupereka dzina la munthu. Kunalinso olemba makalata a m'midzi ndi m'mafakitale, amene ankatumiza ku nyuzipepala zimene aona ndi zimene amva. Wapampando ankadzuka m'mawa nkupeza dzina lake ndi la mudzi wake zili pa tsamba, akumunena kuti wafewa, wagona tulo, sakuona mdani, wagwa m'manja mwa makulak. Zotsatira zake zinali zodziwika: kudzitsutsa pamaso pa msonkhano, kuchotsedwa ntchito, kuchotsedwa m'chipani, mwinanso khoti. Malo oti ayankhepo pa tsambalo panalibe.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi bambo aja. Iwo akuti nyuzipepala inkadzutsa ogona pa ntchito. Koma kugona kwake kunali kotani? Sikunali kuba ndalama za msewu kapena kutseka ofesi masana. Kawirikawiri "ulesi" umene ankanenawo unali chifundo, kapena nzeru wamba ya munthu wodziwa kuti mlimi ukamulanda mbewu chaka chamawa sakolola. Nyuzipepala inasandutsa chifundo kukhala mlandu. Ndipo nkhani imodzi yotere sinkalembedwera wapampando mmodzi yekhayo. Inkalembedwera anzake zikwi zitatu a m'midzi ina, amene powerenga ankati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lotsatira aliyense ankapita kukasesa mwamphamvu kuposa dzulo, osati chifukwa chodana ndi mnansi wake, koma kuti dzina lake lisatuluke.

Ndisaname, nthawi zina chipani chinkadzudzulanso amene apyola muyeso, makamaka akazunza alimi apakati amene chinkafuna kuwakopa. Koma zimenezi zikungoonetsa ntchito ina imene wa khonsolo ankagwira: kusenza milandu ya akuluakulu. Akafewa, walakwa. Akalusa mpaka mudzi kuwira, walakwanso. Chimene sichinkalakwa ndi mlingo wa tirigu wochokera ku likulu. Palibe tsamba linafunsa chifukwa chimene chuma cha dziko chinkathera m'mafakitale a zitsulo ndi ku usilikali pamene ulimi ukufota. Palibe linafunsa amene analamula kuti dziko lozizira ngati Hungary lilime thonje. Palibe linafunsa chifukwa chimene dziko lotchuka ndi tirigu linabwerera ku makuponi a chakudya mu 1951. Chala chinkaloza pansi nthawi zonse, kumwamba ayi.

Ngakhale a pamwamba sanapulumuke ku mlandu wa kufewa. Imre Nagy yemwe uja, wogawa minda mu 1945, ananena m'kati mwa chipani kuti kukakamiza alimi mothamanga ndi kulakwa. Mu 1949 anachotsedwa m'komiti yaikulu ya ndale ya chipani ndipo anakakamizidwa kudzitsutsa. Atabwerera m'boma anapatsidwa unduna wa zachakudya, ndipo mu 1952 anali nduna yoyang'anira kutolera zokolola komweko. Munthu amene anachenjeza za chikwapu anapatsidwa chikwapucho kuti achigwire, ndipo anachigwira. Ngati nduna inagonja chotere, nanga mlembi wa khonsolo ya kumudzi akanatani?

Zipatso zake zinaoneka m'chaka cha 1952. Chisanu ndi chilala zinaononga mbewu, koma gawo la boma linafunidwabe. Alimi a kumeneko amasunga tirigu m'chipinda cha pansi pa denga, chomwe ndiye nkhokwe yawo, ndipo otolera ankakwera m'menemo ndi kutenga zonse mpaka njere yotsiriza. Mpaka lero anthu a ku Hungary amaitcha nthawi imeneyo kusesa m'denga. Mwa mabanja a alimi pafupifupi 1,200,000, mabanja 800,000 anatsala opanda tirigu wokwanira kudya ndi kubzala. Bambo, werengani bwino manambalawa. Makulak anali 70,000. Osesedwa anali 800,000. Ambiri mwa iwo anali amphawi omwe aja amene analandira minda mu 1945, amene nyuzipepala inkati ikuwateteza kwa olemera. Pa zaka zimenezi alimi pafupifupi 400,000 anaweruzidwa pa milandu yokhudza kaperekedwe ka zokolola. Kodi onsewa anali a chimimba okhalira thumba?

Ena sanaone ndi khoti lomwe. Kuyambira mu June 1950, apolisi ankafika usiku nkukweza mabanja athunthu, ana ndi nkhalamba zomwe, kupita nawo ku chidikha cha Hortobágy ndi madera oyandikana nacho, kumene kunali misasa 12 yotsekedwa. Anthu pafupifupi 10,000 anagwira ntchito ya kalavulagaga kumeneko, ambiri akugona m'makola a ziweto. Ochuluka anatengedwa m'midzi ya kufupi ndi malire a Yugoslavia, ndipo dzina lakuti kulak linali lokwanira kukwezera munthu sitima. Atamasulidwa mu 1953, ambiri anapeza kuti nyumba zawo muli ena.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza amve umboni wa chipani chenichenicho. Stalin atamwalira mu March 1953, akuluakulu a ku Moscow anaitana Rákosi ndi anzake mu June nkuwadzudzula kuti dziko aliononga. Pa 4 July 1953 Imre Nagy, amene tsopano anali nduna yaikulu, anauza nyumba ya malamulo kuti zinthu zisintha. Mndandanda wa makulak unathetsedwa, misasa inatsekedwa, ndipo alimi analoledwa kutuluka m'minda ya gulu. Anatuluka mwaunyinji. Szabad Nép yomwe ija inayamba kulemba za kuphwanya malamulo kumene kunachitika m'midzi, ndipo olakwa analinso a makhonsolo omwe aja, amene dzulo lake ankawakalipira kuti afewa. Mu 1955 Rákosi atamugwetsa Nagy, mphepo inatembenukanso, kusaka makulak nkuyambiranso. Nyuzipepala imene imasintha choonadi katatu m'zaka zitatu, molingana ndi amene wakhala pa mpando, musaitche mlonda wa anthu. Ndi galu wa pakhomo pa bwana.

Pali chodzikhululukira chimene ife olemba timachikonda: ine sindinamange munthu, ndinangolemba. Ndikuchikana. Wapolisi wa ÁVH, gulu la chitetezo la nthawi imeneyo, sakanatha kuima pa khomo lililonse m'dziko lonse. Chimene chinafika pa khomo lililonse ndi tsamba. Ndilo linaphunzitsa wa m'tauni kuti njala yake yabwera ndi mlimi. Ndilo linaphunzitsa mlimi wosauka kuti mnansi wake si munthu. Ndilo linaphunzitsa wa khonsolo kuti chisoni ndi chiwembu. Pofika wapolisi, ntchito yaikulu inali itagwiridwa kale ndi munthu wa taye wokhala pa desiki ku Budapest, amene mwina sanaonepo mmene tirigu amapunthidwira.

Ena mwa olembawo anazindikira okha. Mu October 1954 atolankhani a Szabad Nép anachita msonkhano wa masiku angapo kumene anadzudzula mabodza amene ankalamulidwa kulemba, ndipo ambiri mwa amene analankhula anachotsedwa ntchito. Mmodzi mwa olemba a nyuzipepalayi amene anatembenuka mtima anali Miklós Gimes, yemwe poyamba anali wokhulupirika kwathunthu ku chipani. Anthu ataukira boma pa 23 October 1956, limodzi mwa malo oyamba amene khamu linathamangirako ndi likulu la Szabad Nép. Ankadziwa kumene bodza limaphikidwa. M'masiku omwewo lamulo lokakamiza alimi kupereka zokolola linathetsedwa, ndipo ngakhale János Kádár, amene anaikidwa pa mpando ndi akasinja a Soviet Union, sanayerekeze kulibwezeretsa. Gimes ananyongedwa pa 16 June 1958, tsiku limodzi ndi Imre Nagy, ndipo anaikidwanso m'manda mwaulemu pa 16 June 1989. Ndimamulemekeza. Koma kulapa kwake sikunadzutse mlimi wa ku Köröstarcsa.

Ndiye, bambo, yankho langa ndi ili. Kutchula dzina la munthu pa tsamba si umboni wa utolankhani. Pali mafunso atatu ofunika kufunsa. Loyamba: kodi munthuyo akunenedwa chifukwa cha zimene wachita, kapena chifukwa cha gulu limene amuikamo? Kulak anali wolakwa asanachite kanthu. Lachiwiri: kodi wonenedwayo ali ndi poyankhira, pa tsamba lomwelo, pa tsamba lina, kapena m'khoti losalamulidwa ndi chipani? Wa khonsolo wa ku Hungary analibe. Lachitatu: kodi cholembera chomwecho chingathe kuloza m'mwamba? Mu March 1952, chaka cha kusesa m'denga, masamba omwewo anadzaza ndi matamando a Rákosi pokwanitsa zaka 60. Szabad Nép inalephera mafunso onse atatu.

Ine ndipitiriza kutchula maina a ogona pa ntchito ndi a obisa za anthu, chifukwa ndiyo ntchito imene ndinasankha. Koma tsiku limene wina adzandipatse mndandanda nkundiuza kuti awa ndiwo adani, ndipo uyu wa ofesi yakuti akuwamvera chisoni, mulembe, ndidzakumbuka Hungary ndipo ndidzafunsa kaye kuti mndandandawo walemba ndani. Mu 2012 nyumba ya malamulo ya ku Hungary inapatula tsiku la 29 June, limene mwa mwambo wawo ndi loyambira kukolola, kuti likhale lokumbukira alimi amene anaonongedwa pa dzina la kulak. Panapita zaka 60 kuchokera pamene nkhokwe zawo zinasesedwa. Mlandu suola, koma eni ake ambiri anali atapita kale.